JOHN CLARE, MLAKATULI WA KUMUDZI

John Clare anabadwa m'caka ca 1793 m'mudzi wa Helpston, ku Mangalande. Atate wace anali munthu wosauka, wolima m'minda ya eni. Ali mwana, John analikuweta nkhosa ndi atsekwe, monga anyamata a ku Mtenguleni awetera ng'ombe kudambo. Sukulu analekeza ali ndi zaka ngati 12.

Koma kubusa kuja anaphunzirako zina. Analikukhala cete pa thengo nthawi yaitali, napenyetsetsa mamangidwe a zisa za mbalame, maonekedwe a mazira ao, ndi maluwa a m'mbali mwa njira. Zimene anaona anayamba kuzilemba m'ndakatulo pa timapepala, nabisa timapepalato m'mng'alu wa khoma. Amai wace, posadziwa, analikutengako kukolezera moto.

M'caka ca 1820 buku lace loyamba linasindikizidwa ku London, ndipo anthu anazizwa kuti waganyu wa m'munda angathe kulemba zokoma zotere. Osindikiza anafuna kucotsamo mau a cinenero ca kwao, koma iye anawakakamira, pakuti ndiwo anali maina eni eni a zinthu zimene anazidziwa.

Masiku omwewo mudzi wace unalikusandulika. Lamulo la 1809 linalola kuti malo odyetsa ziweto, amene anali a mudzi wonse, agawidwe ndi kuchingidwa ndi mipanda. Mitengo inagwetsedwa, ndipo njira zakale zinatsekedwa. Clare anamva cisoni cacikuru, nalemba ndakatulo zolira dziko la ubwana wace.

Umphawi ndi nkhawa zinamdwalitsa mutu, ndipo m'caka ca 1837 anamtengera ku nyumba ya odwala misala kufupi ndi London. M'caka ca 1841 anathawako, nayenda pansi mailosi 80 masiku anai kubwerera kwao. Panjira njala itamkola, anadya udzu. Caka comweco anamtsekeranso ku Northampton, kumene anakhala akulembabe kufikira imfa yace m'caka ca 1864.

Clare anamwalira ataiwalika, koma lero Angerezi amuwerenga pakati pa alakatuli ao okondedwa. Sanalembe kwambiri za mafumu kapena za maiko akutali. Analemba za mbalame ndi mitengo ya pakwao. Anamuika ku Helpston, ndipo caka ndi caka m'mwezi wa July ana a sukulu ya m'mudzimo amadza ndi maluwa ku manda ace.