John Buchanan: wosamalira maluwa wa ku Scotland yemwe anaika mapiri a Shire m'manja mwa Britain

Alimi a fodya a ku Chiparamba ndi madera ena ozungulira Chipata, pamodzi ndi anzawo a ku Malawi, ndi ochepa omwe anamvapo dzina la a John Buchanan. Koma mbiri ya fodya wa malonda m'chigawo chino cha Africa imadzera m'munda mwa bambo ameneyu ndi abale ake awiri.

A Buchanan anabadwa m'chaka cha 1855 m'mudzi wa Muthill, m'boma la Perthshire m'dziko la Scotland. Sanali mwana wa mfumu kapena wa munthu wachuma. Ntchito yomwe anaphunzira inali ya manja, yosamalira maluwa, mitengo ndi mbewu za m'dimba, ndipo anaiphunzira m'minda ya Drummond Castle, kufupi ndi kwawo.

Ofufuza mbiri ya banjali ali ndi mwayi umodzi. M'chaka chomwe a Buchanan anabadwacho ndi momwe boma la Scotland linayamba kulemba m'kaundula mwana aliyense wobadwa, ukwati uliwonse ndi imfa iliyonse. Mabuku amenewa, pamodzi ndi a kalembera wa anthu yemwe ankachitika zaka khumi zilizonse, amasungidwa mu mzinda wa Edinburgh ndipo amapezeka pa intaneti kudzera ku ScotlandsPeople. Mbali ya mbiriyi ya ku Africa ili m'makalata a mishoni, m'mabuku a boma la atsamunda ndi kosungira zolemba zakale ku Zomba.

Atamwalira a David Livingstone kwa Chitambo m'chaka cha 1873, mipingo ya ku Scotland inaganiza zotsegula mamishoni kufupi ndi nyanja ya Malawi. Mpingo wa Church of Scotland sunkafuna abusa okha. Unkafunanso akalipentala, osula zitsulo ndi alimi. A Buchanan analembedwa ngati wa zaulimi, ndipo anali ndi zaka 21 pomwe gulu lawo linafika m'dziko la mfumu Kapeni mu October 1876, pamalo omwe anawatcha Blantyre pokumbukira kwawo kwa a Livingstone.

Patapita zaka zochepa anatumizidwa kukatsegula nthambi ya mishoni m'tsinde mwa phiri la Zomba, m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, m'dziko la mfumu Malemia.

Apa ndi pomwe mbiri yawo ili ndi banga lomwe silifafanizika. Nthawi imeneyo kunalibe boma la azungu, ndipo amishoni a ku Blantyre anadzisandutsa apolisi ndi oweruza milandu. Anthu oganiziridwa kuti aba ankakwapulidwa zikoti zosawerengeka. Wina anafa nazo, ndipo m'chaka cha 1879 munthu wina woganiziridwa kuti anapha mnzake anaomberedwa ndi mfuti.

Mlendo wina wochokera ku Australia, a Andrew Chirnside, anaulula nkhanzazi m'kabuku komwe kanatuluka ku London m'chaka cha 1880. Mpingo unatumiza nthumwi kukafufuza, ndipo m'chaka cha 1881 unachotsa ntchito mkulu wa mishoni, m'busa Duff Macdonald, pamodzi ndi amisiri awiri, a George Fenwick ndi a Buchanan.

Munthu wina akanakwera sitima n'kubwerera kwawo mwamanyazi. A Buchanan anatsalira ku Zomba n'kuyamba ulimi wawowawo. M'zaka za m'ma 1880 abale awo awiri, a David ndi a Robert, anawatsatira kuchokera ku Scotland, ndipo atatuwa anakhazikitsa kampani ya Buchanan Brothers.

Khofi anali atafika kale ku Blantyre m'chaka cha 1878, pomwe wosamalira dimba wina wa mishoni, a Jonathan Duncan, anabweretsa mbande kuchokera ku Edinburgh. Koma omwe anamusandutsa mbewu ya malonda anali abale atatuwa. Analimanso nzimbe n'kumapanga shuga ndi makina omwe anakhoma okha, kenako anayesa fodya wa ku Virginia. Fodya woyamba kutumizidwa kunja kuchokera m'dzikoli anatuluka m'chaka cha 1893. Khofi atagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 chifukwa cha chilala, tizilombo ndi kutsika kwa mitengo pamsika wa dziko lonse, fodya ndi yemwe analowa m'malo mwake, ndipo posakhalitsa anafika mpaka m'mafamu a ku Fort Jameson, yomwe lero ndi Chipata.

M'chaka cha 1885 a Buchanan anatulutsa buku lofotokoza za mapiri a Shire, lomwe cholinga chake chinali kukopa azungu anzawo kuti abwere kudzalima. Kampani yawo ndi yomwe inamangira kazembe wa Britain, a Hawes, nyumba ku Zomba, yomwe pambuyo pake inadzakhala hotela ya Masongola. A Hawes atachoka, boma la Britain linasiya udindo wa kazembe m'manja mwa munthu yemwe mpingo unamuchotsa ntchito chifukwa cha nkhanza. Linkafuna wodziwa mafumu ndi chiyankhulo chawo, ndipo za zikoti zija silinafunsenso.

Udindowu sunali wa ulemu wokhawokha. M'chaka cha 1888, atapita kukacheza ndi mfumu Makanjila kum'mawa kwa nyanja pamodzi ndi m'busa W. P. Johnson wa mpingo wa Anglican, anthu a mfumuyo anawagwira, kuwavula zovala, ndipo anawamasula atalipira dipo.

Chaka chotsatira ndi chomwe chinawalowetsa m'mabuku a mbiri. Msilikali wa dziko la Portugal, a Serpa Pinto, anakwera mtsinje wa Shire ndi gulu lankhondo kuchokera ku Mozambique, ndipo zinaoneka kuti dera lonse la Blantyre ligwa m'manja mwa Apwitikizi. Mu August 1889 a Buchanan anawalembera kalata yowachenjeza kuti dziko la Amakololo ndi mapiri a Shire zili pansi pa chitetezo cha Mfumukazi Victoria. Pa 21 September chaka chomwecho analengeza zimenezi poyera.

Apwitikizi sanamvere, ndipo anamenyana ndi Amakololo. Koma pa 11 January 1890 nduna yaikulu ya Britain, Lord Salisbury, inalamula Portugal kuchotsa asilikali ake, ndipo dzikolo linagonja. Mu May 1891 Britain inakulitsa chitetezo chija mpaka kumpoto kwa nyanja, a Harry Johnston n'kukhala bwanamkubwa woyamba ku Zomba. A Buchanan anali atalandira kale mendulo ya ulemu ya CMG.

Boma lomwe linamera pa chilengezo chawo ndi lomwe linatumiza asilikali omwe anagonjetsa Angoni a Mpezeni mu January 1898, pa nkhondo yomwe inathera pa kuphedwa kwa Nsingo.

Nkhani ya malo ndi yomwe inatsala ikuwawa. A Johnston atayamba kupereka zikalata zotsimikizira umwini wa malo, abale atatu aja anapatsidwa maekala oposa 160,000 ku Zomba, ku Michiru ndi madera ena. Malo otere azungu ankawapeza popatsa mafumu nsalu, mfuti ndi tinthu tina, pomwe pa mwambo mfumu imangosunga dziko m'malo mwa anthu ake, siligulitsa. Anthu omwe anabadwira pamalowo anasanduka alendi, olipira ndi ntchito ya thangata. Chomvetsa chisoni n'chakuti mwana wa ku Muthill amapezeka m'kaundula ndi tsiku lake lobadwa, pomwe ambiri mwa omwe anamulimira khofi sanalembedwe ngakhale dzina.

Banjali silinakhalitse. A John Buchanan anamwalira ndi malungo ku Chinde, pomwe mtsinje wa Zambezi umathira m'nyanja ya mchere, mu March 1896 ali pa ulendo wopita ku Scotland. Anali ndi zaka 40. A David ndi a Robert nawonso anamwalira m'zaka za m'ma 1890 momwemo, ndipo pofika 1901 minda yawo inali m'manja mwa kampani ya Blantyre and East Africa.

Mwana wawo, John Cecil Rankin Buchanan, anabadwa patapita miyezi yochepa bambo ake atamwalira. Anaphunzira udokotala, anasewerera dziko la Scotland mpira wa rugby, anagwira ntchito ku Tanganyika ndi maiko ena, mpaka anakhala mkulu wa zaumoyo mu ofesi yoyang'anira maiko a atsamunda ku London. Anamwalira m'chaka cha 1976.

Bambo ake ankatolera zomera za m'tchire n'kumazitumiza kwa akatswiri a ku Kew ku England, ndipo zingapo zinapatsidwa dzina lawo. Umodzi mwa mitengoyo ndi mkweranyani, womwe m'mabuku a sayansi umalembedwa kuti Newtonia buchananii.