Leonard Kamungu, Wansembe wa ku Msoro

Pa 27 February caka ndi caka Akristu a mpingo wa Anglican m'Zambia ndi m'Malawi amakumbukira Leonard Mattiya Kamungu, wansembe amene anafera ku Msoro, kumadzulo kwa Chipata, m'caka ca 1913. Munthuyu sanakhale masiku ambiri pansi pano. Anamwalira ali ndi zaka ngati 36, ndipo ku Msoro anagwirako nchito zaka ziwiri zokha. Koma mbiri yace iyenera kumveka m'mipingo yonse, pakuti masiku ace onse anakhala pakati pa anthu opembedza mosiyana ndi iye. Mkristu amene ali ndi mnansi Msilamu, kapena mbale wa mpingo wina, kapena amace amene akali kuthira nsembe kwa mizimu, ndiponso iye amene mtima wace nthawi zina umfunsa ngati cimene akhulupirira ndi coonadi, adzapeza m'mbiri iyi mnzace wa pa ulendo.

Mwana wa kunyanja

Leonard anabadwa ngati m'caka ca 1877 ku Chia, mudzi wa m'mbali mwa Nyanja ya Malawi. Masiku amenewo anali a mantha. Nkhondo za Angoni ndi za ogwira akapolo zinali kusautsa midzi ya kunyanja, kotero kuti anthu ambiri anakhala mothithikana m'malinga. Anthuwo sanali opanda cipembedzo. Anadziwa kuti kuli Mulungu, Mlengi wa zonse, ndipo pa nthawi ya matenda kapena ya cilala anafika kwa Iye mwa mizimu ya makolo ao, nathira nsembe za ufa ndi mowa patsinde pa mtengo.

M'caka ca 1885 amishoni a U.M.C.A. anamanga mudzi wao pa cisumbu ca Likoma. Mmodzi wa iwo, William Percival Johnson, anali kuyendera midzi ya m'mbali mwa nyanja pa sitima yochedwa Charles Janson, nasiya aphunzitsi kumene mafumu analola. Mwa nchito imeneyi Leonard anaphunzira kuwerenga, namva mbiri ya Yesu Kristu, nabatizidwa. Mnyamata wobatizidwa masiku amenewo anayenera kuleka nsembe za abale ace, cinkana abalewo anali omwe aja amene anamlera ndi kumdyetsa. Cotero mafunso oyamba a Akristu a mbadwo umenewo anali a pabanja: ngati kutsata Kristu ndiko kunyoza amene anakubala, ndiponso ngati Mulungu anataya agogo amene anafa asanamve Mau.

Ku Zanzibar

Poona nzeru zace ndi makhalidwe ace, amishoni anamtumiza ku Zanzibar, ku sukulu ya St Andrew ku Kiungani, kumene anali kuphunzitsa aphunzitsi ndi atsogoleri a mpingo. Sukuluyo inayamba ndi ana oomboledwa m'zombo za akapolo, ndipo munali anyamata a mitundu yambiri amene anamvana m'Ciswahili.

Mudzi wa Zanzibar unali wa Asilamu. Kumeneko kunali msika waukuru wa akapolo, umene unatsekedwa m'caka ca 1873, ndipo pamalo pace pomwepo Akristu anamangapo chalichi. Mnyamata wa kunyanja akaima pamenepo anadziwa kuti anthu ambiri a kwao anagulitsidwa pa bwalo lomwelo, ndi kuti ambiri a ogulitsawo anali Asilamu. Koma m'mudzi womwewo anaonanso Asilamu ena, osauka ndi oona mtima, amene anadzuka mbandakuca kukapemphera, napemphera kasanu pa tsiku, nasala cakudya mwezi wathunthu wa Ramazani, napatsa aumphawi zacifundo. Munthu woona zonse ziwirizi sangathenso kuweruza anthu onse a cipembedzo cimodzi ndi mau amodzi.

Atabwerera kunyanja, anadzozedwa udikoni m'caka ca 1902, ndi unsembe m'caka ca 1909, m'masiku a Bishopu Gerard Trower wa ku Likoma. Asanadzozedwe iye, mishoniyo inali nao kale ansembe Aciafrika, monga Yohana Abdallah, Myao, ndi Augustine Ambali, wocokera ku gombe la nyanja yamcere. Koma mwa Anyanja eni dziko Leonard Kamungu ndiye anali woyamba.

Pakati pa Asilamu

Asanapite ku Msoro anatumikira ku Lungwena, kumwera kwa nyanja pakati pa Ayao, ndi ku Kota Kota, kumene tsopano kuchedwa Nkhotakota. Malo onse awiri Cisilamu cinali citazika mizu. Ku Kota Kota cinafika ndi mafumu amalonda ochedwa Jumbe, amene analamulira kumeneko zaka ngati 50, ndipo mishoni ya U.M.C.A. inalowako m'caka ca 1894 mizikiti ilipo kale. Kwa Ayao cinalowa mwa mafumu ndi mwa cinamwali ca jando.

Kumalo otere mlaliki sanalankhule ndi anthu osadziwa kanthu. Asilamu anali nalo buku lao ndi aphunzitsi ao, ndipo analinso ndi mafunso ao kwa Akristu. Anafunsa kuti Mulungu, amene ali mmodzi, akhala bwanji ndi Mwana. Anafunsa cifukwa cace Mulungu akadalola mneneri wace kufa imfa yamanyazi pamtanda. Anafunsanso za Akristu akumwa ndi kuledzera, osapemphera koma tsiku la Sabata lokha. Mafunso awiri oyamba munthu angathe kuwayankha ndi zophunzira za ku Kiungani, koma lacitatu lilasa mtima wa mlaliki mwini. Woona Msilamu wokalamba alikugwada pamkeka dzuwa lisanaturuke ayenera kudzifunsa ngati pemphero lace la iye mwini lili ndi cangu cotere.

Pa mafunsowo panaonjezeka cina colemetsa, ndico kucepa kwa otembenuka. Nchito ya mishoni pakati pa Asilamu a kunyanja inabala pang'onopang'ono, ndipo munthu wofesa zaka zambiri osakolola amayamba kufunsa ngati mbeu yace ndi yabwino, kapena ngati Mwini munda anamtumadi. Ena pofika pamenepa amaleka nchito. Ena amauma mtima, nayamba kutukwana anthu amene sanawamvere. Leonard Kamungu anapirira. Analibe asilikari kapena cuma cokopera anthu. Anakhala monga mlendo pakati pa eni mudzi, naphunzitsa ana, nasonkhanitsa Akristu owerengeka aja. Iye akumbukika monga munthu wofatsa, wodziletsa ndi wokonda kupemphera. Sanakwatire, koma anapereka moyo wace wonse ku nchito ya unsembe.

Ulendo wa ku Msoro

M'caka ca 1910 John Edward Hine, amene kale anali Bishopu wa ku Likoma, anaikidwa kukhala Bishopu woyamba wa Anglican m'dziko la Northern Rhodesia, ndilo Zambia. Iye anayenda pansi maulendo atali kufunafuna malo oyenera kuyambapo nchito, ndipo kum'mawa kwa dzikolo anasankha Msoro, pakati pa Akunda, mamailosi ngati 50 kucokera ku Fort Jameson, ndiko ku Chipata. Antchito anali owerengeka, ndipo amene anabvomera kukayamba nchitoyo ndiye Kamungu. Anasiya nyanja ya kwao nafika ku Msoro m'caka ca 1911.

Dziko limene analowamo linali losweka mtima. M'caka ca 1898 asilikari a Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni, napha mwana wace Nsingo, nalanda ng'ombe zambirimbiri. Pambuyo pace anafika msonkho, ndipo amuna anayamba kupita kutali kukafuna nchito. Anthu a m'midzi anaona kuti Azungu a mfuti ndi Azungu a Buku anacokera mbali imodzi, ndipo sikunali kwapafupi kuwamasulira kuti Kristu sali mwini wa mfutizo.

Ndiponso Akristu anafika ogawanika. Mishoni ya Dutch Reformed inayamba ku Magwero pa 5 July, 1899, nifika ku Madzimoyo m'caka ca 1903 ndi ku Nsadzu m'caka ca 1908. Ansembe a Ciroma anamanga ku Kachebere, pamalire a dziko, m'caka ca 1903. Tsono a Anglican anakhala acitatu. Mishoni zinapikisana pa midzi ndi pa masukulu, ndipo kunali madandaulo a malire, monga alimi alimbirana malire a munda. Munthu wa m'mudzi anayenera kudabwa kuti ochula dzina la Mbuye mmodzi alekeranji kudyera pamodzi. Funso limeneli linali lowawa koposa la Asilamu, pakuti linaturuka m'nyumba ya Akristu eni.

Kamungu anali mlendo m'zonse. Anali munthu wa kunyanja m'cigwa cotentha ca Lupande, dziko la kashembe ndi malungo. Cinenero ca Akunda cinali cosiyana ndi ca kwao, ndipo miyambo yao ya maliro ndi ya mizimu anayenera kuiphunzira monga mwana. Masiku amenewo sikunali kacitidwe ka mishoni zambiri kupatsa munthu wakuda mudzi wa mishoni kuti auyang'anire yekha. Motero maso a Azungu ndi a anthu akuda anali pa iye. Akuru amati mlendo ndi mame, sakhalira kuuma. Koma mlendo uyu anakhala monga wobadwira pomwepo. Anamanga nyumba yopemphereramo, natsegula masukulu m'midzi, nayenda pansi kuyendera aphunzitsi ndi ophunzira Mau. Ndipo iye amene anafesa zaka zambiri kunyanja ndi kukolola pang'ono anaona ku Msoro anthu ambiri alikudza kudzamva, ndipo asanafe anabatiza Akristu oyamba a kumeneko.

Imfa yace

Anamwalira ku Msoro m'February, 1913, naikidwa komweko, kutali ndi manda a makolo ace. Mbiri inamveka yakuti anadyetsedwa mankhwala akupha, ndipo mbiriyo inenedwa kufikira lero. Cimene cioneka poyera ndi ici, kuti anafera pa nchito yace, pakati pa anthu amene sanali a mtundu wace, ndipo Akunda anamuyesa wao.

Mbeu yace sinafe. Msoro unakula nukhala likulu la Akristu a Anglican kum'mawa kwa Zambia, ndipo chalichi ca St Luke ca kumeneko cinasanduka chalichi ca bishopu. Mwa nchito ya mishoni yomweyo munaturuka cipatala ca St Francis ku Katete, cimene pambuyo pace a Anglican ndi a Ciroma anagwirizana kuciyendetsa pamodzi, kulandira odwala osafunsa za mpingo wao. Ku Zomba, m'Malawi, sukulu yophunzitsa ansembe a Anglican inachedwa ndi dzina lace.

Cimene moyo wace uphunzitsa

Coyamba, kufunsa si kugwa. Akristu ambiri m'midzi amabisa mafunso ao, poopa kuti akuru a mpingo adzawayesa obwerera m'mbuyo. Mwana akafa, mvula ikakana, kapena mnansi wosabatizidwa akaposa Mkristu pa cifundo, mtima umafunsa. Malembo sabisa anthu otere. Yohane Mbatizi ali m'ndende anatuma ophunzira ace kukafunsa ngati Yesu ndiye woyembekezedwa uja, ndipo Tomasi anakana kukhulupirira za kuuka kufikira ataona. Koma Ambuye sanataye mmodzi wa iwo. Cikhulupiriro cosayesedwa cifanana ndi mbiya yosaocha, yokoma m'maso koma yosakhoza kusunga madzi. Ca Kamungu cinaochedwa ku Zanzibar, ku Lungwena ndi ku Kota Kota, ndipo cifukwa cace cinasunga madzi akumwetsa anthu a ku Msoro. Amene ali ndi funso alitengere kwa Mulungu m'pemphero, ndi kwa mbusa kapena mkuru wokhulupirika. Ndipo mkuruyo amve moleza mtima, pakuti safunsa anadya phula.

Caciwiri, kulandira munthu wa cipembedzo cina si kukana Kristu. Kamungu sanaleke kulalikira cimene anakhulupirira, ndipo sanasanganize guwa lace ndi nsembe zina. Koma sakadakhoza kukhala zaka zonsezo m'midzi ya eni ace akadakhala munthu wonyoza. Petro anaphunzira m'nyumba ya Korneliyo kuti Mulungu anamva mapemphero a mlendo uja mtumwi asanafike. Ndipo pamene Ambuye anafuna kuonetsa mnansi weniweni, anasankha Msamariya, munthu wa kapembedzedwe kena. Cotero Msilamu wa sitoro ku Chipata, ndi nkhalamba yosunga miyambo ya makolo, ndi mpongozi wa mpingo wina, onsewa ayenera kulonjeredwa mwaulemu, kuthandizidwa pa matenda, ndi kuliridwa pa maliro. Kuweruza mitima ndi nchito ya Mulungu yekha.

Cacitatu, kugawanika kwa Akristu kumakhumudwitsa akunja koposa mau onse a otsutsa. Malire amene mishoni zinalimbirana kale anapita pamodzi ndi eni ace, koma m'midzi ina mzimu wace utsalira, pamene a mpingo uwu akana kuimba pa maliro a mpingo uwo. Wansembe wa kunyanja amene agona ku Msoro anadza kudzatumikira alendo, ndipo alendowo anasanduka abale ace. Pa 27 February, Akristu a mipingo yonse angacite bwino kuyamika Mulungu cifukwa ca iye, ndi kupempherera anansi ao amene apembedza mwa njira yina, powachula maina mmodzimmodzi.