Ulendo wautali wa Kamuzu pofuna udotolo

Mwana akabadwa masiku asanakwane ku Lisasadzi m'boma la Kasungu, moyo wake umadalira msewu. Amathamangira naye kuchipatala cha boma ku Kasungu, ndipo zikavuta ulendo umapitirira mpaka kuchipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe. Dzina limene lili pakhomo la chipatalacho ndi la mwana wa m'boma lomweli, Dr Hastings Kamuzu Banda, amene adavutika zaka zoposa 20 kuti apeze mapepala a udotolo.

Kamuzu adabadwira kufupi ndi Kasungu cha m'ma 1898, ngakhale kuti muulamuliro wake boma linkati adabadwa m'chaka cha 1906. Mbiri imati mayi ake adakhala nthawi osaona mphatso ya mwana mpaka atamwa mankhwala a mizu, n'chifukwa chake khandalo adalitcha Kamuzu.

Atayamba sukulu ya mishoni, cha m'ma 1915 adanyamuka wapansi kupita ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi Zimbabwe. Ntchito yake yoyamba m'chipatala idali yosesa m'tauni ya Hartley. Kuchoka apo adalowera kumigodi ya ku South Africa, mpaka mpingo wa African Methodist Episcopal udamuthandiza kupita ku America m'chaka cha 1925.

Kumeneko adayambira kusekondale ya Wilberforce, nkudzera kuyunivesite za Indiana ndi Chicago, kenako adamaliza za udotolo ku Meharry Medical College m'chaka cha 1937. Koma digiri ya ku America siinkaloledwa m'maiko olamulidwa ndi Britain. Adawolokanso nyanja kupita ku Edinburgh ku Scotland, komwe adalandira ziphaso zina m'chaka cha 1941.

Mapepala ali m'manja, khomo la kwawo lidatsekeka. Anamwino achizungu a ku Livingstonia adakana kugwira ntchito pansi pa dotolo wakuda, ndipo zimene boma la atsamunda lidamuikira kuti limulembe ntchito zidali za tsankho. Choncho dotolo amene odwala a ku Nyasaland ankamusowa adakathandiza anthu a ku Liverpool, North Shields ndi London, kenaka ku Kumasi m'dziko la Ghana.

Atabwera kumudzi pa 6 July 1958, adatsegula kachipatala ku Limbe, koma ndale zidamutenga. Adamangidwa mu 1959, adatsogolera dziko kuufulu mu 1964 ndipo mu 1971 adakhala mtsogoleri wa muyaya. Ulamuliro wake udali wa nkhanza kwa otsutsa: ambiri adatsekeredwa popanda mlandu, ena adathawira kunja.

Pa zaumoyo mbiri yake ili ndi mbali ziwiri. Chipatala chachikulu cha ku Lilongwe chidatsegulidwa mu 1977 ndipo sukulu ya anamwino ya Kamuzu College of Nursing idayamba mu 1979. Komabe munthu amene ankadziwa bwino kuwawa kofunafuna udotolo kunja adalamulira zaka zoposa 25 dziko lilibe sukulu yosula madotolo. Ophunzira ankatumizidwa kunja ndipo ambiri sankabwerera. College of Medicine idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, kutatsala zaka zitatu kuti achoke pampando.

Mwini wake adali dotolo wa matenda osiyanasiyana, osati katswiri wa makanda. Ukatswiri umenewu uli ndi makwerero ake. Munthu amaphunzira udotolo zaka zisanu, nkugwira ntchito moyang'aniridwa ndi akuluakulu, ndipo amayenera kulembetsa ku Medical Council of Malawi. Akatero amawonjezera zaka zinayi za matenda a ana, ndipo wofuna kuzama pa za makanda okhaokha amaphunziranso pamwamba pa apo.

Zaka zonsezi zili ndi chifukwa. Khanda lobadwa masabata 37 asanakwane limazizidwa msanga, mapapo ake amakhala osakhwima, limalephera kuyamwa ndipo matenda amaligwira mosavuta. Dotolo amayenera kudziwa mlingo wa mpweya, mkaka ndi mankhwala woyenera thupi losakwana makilogalamu awiri. Lipoti la mabungwe a zaumoyo la mu 2012 lidaika Malawi patsogolo padziko lonse, pomwe ana 18 mwa 100 alionse ankabadwa masiku asanakwane.

Zambiri zothandiza ana oterewa zidabwera Kamuzu atapita kale. Adamwalira ku Johannesburg pa 25 November 1997. Njira ya kangaru, yoti mayi azifungata khanda pachifuwa khungu kukhudza khungu, idayamba kuchipatala cha Zomba mu 1999. Makina otchipa othandiza makanda kupuma adayesedwa kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2012.

Mu 2021 sukulu ya madotolo ndi ya anamwino zidaphatikizidwa nkukhala Kamuzu University of Health Sciences. Lero mwana wa mlimi wa fodya ku Lisasadzi angathe kuphunzira udotolo, ngakhalenso ukatswiri wa matenda a ana, m'dziko mommuno. Chatsala n'choti akatswiriwo achuluke ndi kufika m'zipatala za m'maboma, kuti khanda lisamayambe moyo ndi ulendo wa pamsewu.