Lewis Chitengwa, mwana wa ku Wingate amene adagonjetsa Tiger Woods

HARARE – Mlendo wokonda masewero a gofu akafika mumzinda wa Harare amachita kusowa poyambira. Pafupi ndi pakati pa mzinda pali bwalo la Royal Harare, limene mbiri yake idayamba m'chaka cha 1898. Chakum'mawa, m'mbali mwa msewu wa Samora Machel, kuli Chapman, ndipo mabwalo awiriwa ndiwo akhala akulandira mpikisano wa Zimbabwe Open. Kumpoto kuli Wingate Park ndi Borrowdale Brooke, kuzambwe kuli Warren Hills. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, kotero kampira kamauluka patali, ndipo kuyambira mu Epulo mpaka mu Okutobala mvula siyisokoneza masewero kawirikawiri.

Mwayi wosankha bwalo wotere sudali wa aliyense. Kuti munthu amvetse moyo wa malemu Lewis Chitengwa, katswiri wa gofu amene adamwalira m'chaka cha 2001 ali ndi zaka 26 zokha, ayenera kuyamba wadziwa amene ankaloledwa kusewera pa mabwalowa ndi amene ankangololedwa kugwirapo ntchito.

Pa nthawi ya ulamuliro wa azungu, pamene mzindawu unkatchedwa Salisbury, lamulo logawa malo la m'chaka cha 1930 ndi ena otsatira adalekanitsa malo okhala potengera khungu. Anthu akuda adaunjikidwa m'makomboni monga Harari, amene lero ndi Mbare, komanso Highfield, Mufakose, Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa. M'makomboni amenewa mudadzazanso anthu ochokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique, amene ambiri mwa iwo ankagwira ntchito zophika, zosamalira maluwa ndi za m'mafakitale. Mabwalo a gofu adali kumbali ya azungu. Munthu wakuda ankafikako mbandakucha kukatchetcha kapinga, kuthirira, kuperekera zakumwa kapena kunyamulira bwana chikwama cha ndodo kuzungulira maenje 18.

Komabe onyamula zikwama aja maso adali nawo. Tsiku ndi tsiku ankaona kagwiridwe ka ndodo, kaimidwe ka miyendo ndi kapendekedwe ka nthaka pafupi ndi dzenje, ndipo kum'mwera kwa Africa akatswiri akuda oyambirira ambiri adatulukira m'gulu limeneli. Mavuto awo sadathere pa malamulo okha. Dziko la Zimbabwe litalandira ufulu m'chaka cha 1980, zipata zidatseguka, koma ndalama za umembala, mtengo wa ndodo ndi ulendo wochokera kukomboni zidatsalabe ngati mpanda wina. Bwalo la Warren Hills lidayandikana ndi komboni ya Warren Park, koma kuyandikana kotere sikupatsa mwana ndodo.

Chitengwa adabadwa mu Januwale 1975 mumzinda womwewu, ndipo ufulu udamupeza ali ndi zaka zisanu. Chimene chidamusiyanitsa ndi anzake ambiri ndi ntchito ya bambo ake, a Lewis Muridzo, amene adali mphunzitsi wa gofu pa Wingate Park. Iye sadasankhe bwaloli poyerekeza ndi ena monga amachitira mlendo. Lidali bwalo limene bambo ake ankapezerapo chakudya, ndipo n'pamene adaphunzirira masewerowa kuyambira ali wamng'ono, mphunzitsi wake ali bambo ake omwe.

Mbiri ya Wingate nayo ndi yofunika kuitchula. Kalabuyi idakhazikitsidwa ndi Ayuda a mumzindawu, amene sankalandiridwa bwino m'makalabu ena a azungu. N'zochititsa chidwi kuti bwalo lomangidwa ndi anthu okanidwa kwina ndilo lidalera mnyamata amene adadzagwetsa mpanda wina waukulu.

Dziko la Zimbabwe lidali kale ndi mbiri pa gofu. Nick Price, Mark McNulty, Denis Watson ndi Tony Johnstone adali kudziwika kunja, ndipo m'chaka cha 1994 Price adakhala katswiri woposa onse padziko lapansi. Onsewa adali azungu. Chitengwa adakulira m'mthunzi wawo, napambana katatu mpikisano waukulu wa dziko lake wa osewera osalipidwa.

Dzina lake lidamveka kutali mu Disembala 1992. Ku Coral Gables, m'dera la Florida ku America, kumachitika mpikisano wa achinyamata wa Orange Bowl, umene umasonkhanitsa osewera ochokera m'maiko ambiri. Amene ankayembekezeka kupambana chaka chimenecho adali Tiger Woods, yemwe adali atatenga kale kawiri ukatswiri wa achinyamata wa dziko la America. Chitengwa, ali ndi zaka 17, adamugonjetsa natenga chikho. Anyamata awiriwa adabadwa chaka chimodzi, wina mu Januwale, wina mu Disembala, ndipo kuyambira pamenepo olemba nkhani sadaleke kuwayerekeza.

Chipambano cha Florida ndicho chimatchulidwa kwambiri chifukwa cha kutchuka kumene Woods adadzakhala nako, koma cholemera kuposa icho chidadza miyezi yowerengeka pambuyo pake. M'chaka cha 1993, ku East London, Chitengwa adapambana mpikisano wa South African Amateur, nakhala munthu wakuda woyamba kutero. Mu mpikisano umenewu osewera amakumana awiriawiri, kulimbirana dzenje ndi dzenje, ndipo wogonja amanyamula katundu wake tsiku lomwelo. Kumeneku sikupambana kwamwayi. Pamafunika mtima wokhazikika kwa masiku angapo, pamaso pa anthu amene ena mwa iwo sadazolowere kuona munthu wakuda atagwira ndodo yakeyake.

Chaka chimenecho dziko la South Africa lidali lisanachite chisankho chake choyamba cha mitundu yonse, chimene chidachitika mu Epulo 1994. Akuluakulu ankakumbukirabe nkhani ya Papwa Sewgolum, katswiri wachimwenye wa ku Durban, amene adapambana Natal Open m'zaka za 1963 ndi 1965, ndipo chithunzi chake akulandira chikho panja mvula ikugwa, chifukwa lamulo silinkamulola kulowa m'nyumba ya kalabu, chidafala padziko lonse. Patapita zaka pafupifupi makumi atatu, mnyamata wa zaka 18 wochokera kutsidya kwa Limpopo adalembetsa dzina lake pa chikho chimene kwa zaka zambiri chidali cha azungu okhaokha.

Zitatero, sukulu zaukachenjede za ku America zidayamba kumufuna. Iye adasankha University of Virginia, mumzinda wa Charlottesville, kumene adasewera pansi pa mphunzitsi Mike Moraghan. Kawiri konse adaikidwa m'gulu la osewera apamwamba a m'sukulu zaukachenjede za dziko lonselo, ndipo m'chaka cha 1996 adathera pa nambala 7 mu mpikisano waukulu wa sukuluzi. Adamaliza maphunziro ake, nayamba kusewera molipidwa m'chaka cha 1998.

Apa njira za anyamata awiri aja zidasiyana. Woods adali atapambana kale mpikisano wa Masters m'chaka cha 1997, ndipo makampani ankamuthamangira ndi ndalama zankhaninkhani. Chitengwa adalowa m'moyo umene osewera ambiri olipidwa amaudziwa, wa mipikisano ing'onoing'ono, maulendo ataliatali, ndi malipiro amene amabwera pokhapokha munthu akapyola masiku awiri oyamba a mpikisano. Adasewera kum'mwera kwa Africa, m'gulu lachiwiri la ku America, kenaka ku Canada. Amene amati adalephera kufika pamene Woods adafika amaiwala kuti pa gofu munthu wa zaka 26 amakhala asanakhwime. Price mwiniyo adatenga chikho chake chachikulu choyamba m'chaka cha 1992 ali ndi zaka 35.

Kumapeto kwa Juni 2001 Chitengwa adali mumzinda wa Edmonton, ku Canada, pa mpikisano wa Edmonton Open. Adasewera masiku awiri oyamba napitirira, koma adayamba kumva m'thupi ngati chimfine. Adali matenda oumitsa khosi, a mtundu umene umalowa m'magazi ndipo ungathe kupha munthu wamphamvu m'maola ochepa. Loweruka pa 30 Juni, tsiku limene adayenera kusewera gawo lachitatu, adamwalira.

Gulu loyendetsa mipikisano ya ku Canada lidakhazikitsa mpikisano wa chikumbutso chake, umene udachitika kwa zaka zingapo m'dera la Virginia. M'chaka cha 2015 dzina lake lidalowetsedwa m'kaundula wa akatswiri olemekezeka a gofu a kum'mwera kwa Africa. Sukulu yake ya ku Charlottesville nayo idatcha mpikisano wake wa matimu a sukulu zaukachenjede dzina lakuti Lewis Chitengwa Memorial, pa bwalo la Birdwood pamene iye ankachitira zokonzekera. Kwawo ku Harare, osewera akuda monga Tongoona Charamba ndi Robson Chinhoi adadzasewera molipidwa pambuyo pake, napambana mipikisano kunja kwa dziko lawo.