Julius Wolff: dokotala amene adatulukira khalidwe la mafupa

Munthu akazulitsa dzino, kaya pachipatala chachikulu cha Mzuzu kaya kwina, pakapita miyezi fupa la nsagwada limafota pamalopo. Mfundo yofotokoza zimenezi adaipeza ndi Julius Wolff, dokotala wa mafupa wa ku Germany yemwe adabadwa m'chaka cha 1836.

Mkuluyu adagwira ntchito mumzinda wa Berlin. Kwa zaka zambiri ankacheka mafupa a anthu akufa m'timagawo topyapyala n'kumaunika mmene mkati mwake mudalukidwira, ntchito yofuna mtima wodekha. Mu 1892 adatulutsa buku lonena kuti fupa limadzimanga molingana ndi katundu amene likusenza: likamagwira ntchito limalimba, likangokhala limatha.

Wolff adamwalira mu 1902, luso lamakono lodzala mano m'nsagwada lisadafike. Koma lero madokotala akamazika msomali wa titanium woti ugwire dzino lochita kupanga, amayendera mfundo yakeyo. Titanium ndi youma kuposa fupa, choncho mphamvu ya kutafuna imaunjikana pakhosi pa msomaliwo. Dzinolo likapendekeka kapena kulemedwa mopyola muyezo, fupa la pamenepo limatha kudyeka, msomali n'kuyamba kugwedera.