MBUSA DAVID KAUNDA WA KU LUBWA

David Kaunda anabadwa caka ca 1878 pakati pa Atonga a ku Nyasaland. Ataphunzira ku Livingstonia, anatumidwa mu 1904 pamodzi ndi anzace kukalalikira kwa Awemba, ndipo caka cotsatira anakhazikika ku Chinsali. Kumeneko iye ndi mkazi wace Helen anakhala alendo, kutali ndi abale ao, pakati pa anthu a cinenero cina.

Nchito yace inali kuphunzitsa ana kuwerenga, kuyenda pansi m'midzi, kutsegula masukulu ndi kulangiza ofuna ubatizo. Pamene Mbusa McMinn anafika ku Lubwa mu 1913, anapeza mbeu zitamera kale. Komabe Kaunda anakhala mphunzitsi ndi mlaliki zaka 25, nadzozedwa ubusa mu 1930.

Amai Helen naonso anali mphunzitsi. Mulungu anawapatsa ana 8, ndipo m'nyumba mwao mapemphero ndi nyimbo sizinasowe. Mwana wotsiriza, Kenneth, anabadwa mu 1924. Anamucha Buchizya, ndiko kunena wosayembekezeka.

Mbusayo anamwalira mu 1932, atanyamula ubusa zaka ziwiri zokha. Amaiwo sanabwerere kwao, koma analera anawo komweko, nalima ndi manja ao. Mu 1964 Kenneth anakhala Pulezidenti woyamba wa Zambia.

Abale, akulu a mpingo ndi aphunzitsi a m'midzi, musafooke ngati nchito yanu siioneka msanga. Wofesa ndi wina, wokolola ndi wina, koma munda ngwa Ambuye.