Mbiri ya Jim Thorpe, Katswiri wa Mpira wa ku America

Ambiri a ife pano tikamva mau akuti mpira tingoganiza za mpira wathu wobulungira uja, womenya ndi mwendo, umene tichita Loweruka masana. Koma ku America kuli mpira wina wosiyana kutali ndi wathu, ndipo munthu amene ndifuna kukuuzani mbiri yake, Jim Thorpe, ndiye mmodzi wa iwo amene anaukweza mpirawo pamene unali wonyozeka. Ndasankha iyeyu chifukwa nayenso anali mwana wa sukulu yogonera komweko monga ife, wodzuka ndi belu, wodya ndi belu, ngakhale sukulu yake inali yowawa koposa yathu.

Poyamba ndilongosole mpirawo pang'ono. Mpira wake ngwotalika, wosongoka uku ndi uku, monga papaya laling'ono. Mbali iliyonse kuli anthu 11, monganso kwathu, koma iwo aunyamula m'manja nathamanga nao, ndipo adani aloledwa kumgwira wonyamulayo ndi kumgwetsa pansi. Bwalo litalika mayadi 100. Timu yokhala ndi mpira ipatsidwa mpata kanai kuti ipite patsogolo mayadi 10. Ikalephera, mpira upita kwa anzao. Munthu akaufikitsa mpira kuseri kwa mzere wa adani, imeneyo ndiyo touchdown, mapointi 6. Akaumenya ndi mwendo nudutsa pamwamba pa mtanda wa golo, imeneyo ndiyo field goal, mapointi 3. Anzathu ena a m'timu ya sukulu amene azolowera kuponya mpira kumwamba ngati akusaka mbalame, kumeneko akanakhala akatswiri.

Jim Thorpe anabadwa m'chaka cha 1887 pafupi ndi mudzi wa Prague, m'dera limene lero litchedwa Oklahoma. Anali wa mtundu wa Sac and Fox, umodzi wa mitundu ya eni dziko la America amene Azungu anawapeza pofika. Azunguwo anawatcha Amwenye molakwitsa, koma si amwenye a masitolo a ku Zomba kapena ku Limbe iai, ndi anthu ena ndithu. Dzina lake la kwao linali Wa-Tho-Huk, ndiko kunena kuti Njira Yowala. Anabadwa mapasa, ndipo mnzake Charlie anafa ndi chibayo ali ndi zaka 9. Kuyambira pamenepo Jim anaida sukulu. Anathawa kangapo, nayenda pansi mamailosi oposa 20 kubwerera kwao, kufikira atate wake, Hiram Thorpe, anatopa namtumiza kutali ku Haskell, m'chigawo cha Kansas. Amake anamwalira iye ali mnyamata, ndipo m'chaka cha 1904, atangolowa sukulu ya Carlisle ku Pennsylvania, atate wake anamwaliranso. Motero anakhala wamasiye ali ndi zaka 16 kapena 17, msinkhu wathu womwe uno.

Sukulu ya Carlisle iyenera kulongosoledwa, pakuti popanda iyo mbiriyi simveka. Anaiyambitsa msilikali wina, Richard Henry Pratt, m'chaka cha 1879, ndipo cholinga chake chinali kuchotsa mwa ana a eni dziko chilichonse cha kwao. Mwana akafika anammeta tsitsi, namvula zovala za kwao, nambveka yunifolomu ya chisilikali, nampatsa dzina la Chingerezi. Kulankhula chilankhulo cha amake kunali mlandu wolangidwa. Ife tidandaula ndi nyemba zofumbwa ndi lamulo la kulankhula Chingerezi m'kalasi, koma holide ikafika tikwera basi kupita kwathu. Ana a ku Carlisle ambiri anakhala zaka osaona makolo, ndipo oposa 180 anaikidwa m'manda a pasukulu pomwepo.

M'chaka cha 1907 Jim anadutsa pa bwalo pamene anyamata analikuyesa kulumpha ndodo. Ali chibvalire zovala za ntchito, anaulumpha mtanda wa mapazi 5 ndi mainchi 9, kuposa onse a pasukulupo. Mphunzitsi wa masewera, Glenn Warner, amene anthu anamtcha Pop Warner, anamtenga pomwepo. Poyamba sanafune kuti mnyamatayo alowe mpira, poopa kuti amthyola miyendo wothamanga wake wabwino, koma Jim anaumirira. Anali wodziwa kuthamanga ndi mpira, kugwetsa adani, ndi kumenya ndi mwendo, zonse mwa munthu mmodzi. Mu November 1911 kasukulu ka Carlisle kanapita kukakomana ndi yunivesite ya Harvard, imene inali ya ana a anthu olemera ndiponso yoopsa pa mpira masiku amenewo. Carlisle inapambana 18 kwa 15, ndipo pa mapointi 18 amenewo, 12 anatuluka m'ma field goal anai a Jim, mwendo wake uli womangidwa nsalu chifukwa cha kupweteka.

Chaka chotsatira, 1912, anamsankha kupita ku masewera a Olimpiki ku Stockholm m'dziko la Sweden. Analowa mipikisano iwiri yobvuta koposa: pentathlon, ya masewera asanu, ndi decathlon, ya masewera khumi, momwe munthu mmodzi ayenera kuthamanga, kulumpha, kuponya chitsulo, mbale ndi mkondo. Pa pentathlon anapambana masewera anai mwa asanuwo. Pa decathlon anamsiya wachiwiri wake, Hugo Wieslander wa ku Sweden, ndi mapointi pafupifupi 700. Chimene chinditenga mtima ine ndi nkhani ya nsapato. Nsapato zake zinasowa mpikisano uli pakati, ndipo anabvala ziwiri zosiyana, ina yaikulu kuposa phazi lake, kotero kuti anaonjezera masokosi. Chithunzi chake atabvala nsapato zimenezo chilipo kufikira lero. Mfumu Gustav V inampatsa mphoto zake pamaso pa anthu, ndipo pobwerera ku New York anamlandira ndi chionetsero m'miseu. Komabe anthu ambiri a mtundu wake sanawerengedwe nzika za dziko limene iye analipambanira kufikira lamulo la chaka cha 1924.

Mu November chaka chomwecho Carlisle inagonjetsa sukulu ya asilikali ya West Point 27 kwa 6. Taganizirani, anzanga: panali patangopita zaka 22 kuchokera pamene asilikali a boma anapha anthu a mtundu wa Lakota ku Wounded Knee, ndipo tsono ana a eni dziko analikugwetsa ana a chisilikali pa bwalo lao lomwe. Mmodzi wa ogonjawo anali Dwight Eisenhower, amene pambuyo pake anakhala Pulezidenti wa United States.

Chimwemwe sichinakhalitse. Mu January 1913 nyuzipepala ya Worcester Telegram inaulula kuti m'zaka za 1909 ndi 1910 Jim anachita masewera a baseball ku North Carolina nalandira tindalama. Lamulo la Olimpiki masiku amenewo linakaniza aliyense amene analandirapo malipiro pa masewera. Ana a makoleji ambiri anachita zomwezo pa holide, koma iwo anabisala m'maina abodza. Jim analemba dzina lake lenileni. Anamlanda mamendulo ake awiri nafafaniza dzina lake m'mabuku. Ine ndiona kuti mlanduwu unaweruzidwa mokhota, pakuti malamulo a masewera a 1912 ananena kuti dandaulo liyenera kufika masiku 30 asanathe, ndipo ili linafika patapita miyezi isanu ndi umodzi. Ndiponso lamulo lokaniza malipiro lipepuka kwa mwana wa munthu wolemera, koma kwa wamasiye lilemera ngati mwala.

Tsono popeza anamutcha wolandira malipiro, anakhaladi wotero. Analowa timu ya baseball ya New York Giants, ndipo m'chaka cha 1915 Jack Cusack, mwini timu ya mpira ya Canton Bulldogs ku Ohio, anamlemba ntchito pa madola 250 masewera amodzi. Anthu anati Cusack wapenga. Koma kumene kale kunkabwera anthu ngati 1,200, Jim atabwera kunafika 8,000.

Pano ndipo pali chimene chingadabwitse iwo amene akonda kuwerenga ndandanda wa matimu m'nyuzipepala. Masiku amenewo kunalibe bungwe lolamulira, kunalibe ndandanda woikika, kunalibenso masewera a ndime yotsiriza. Mwini timu aliyense anapangana yekha ndi mnzake za Lamulungu likudzalo. Osewera anadumpha kuchoka timu ina kunka ina sabata ndi sabata, kutsata amene alipira bwino. Nanga katswiri anadziwika bwanji? Anthu anangoyang'ana zotsatira za sabata iliyonse, kuti wagonjetsa yani ndani, ndipo pofika kumapeto kwa November matimu awiri otsala osagonja anakomana. Kawirikawiri anali Canton ndi Massillon Tigers, mizinda iwiri yoyandikana, mtunda wake wosafika ngakhale wa kuchokera ku Domasi kupita ku Zomba, ndipo udani wao unali wa pachibale, umene uposa udani wonse. M'chaka cha 1916 masewera ao oyamba anatha 0 kwa 0, ndipo achiwiri Canton inapambana 24 kwa 0, nitha chaka chonse osagonja. Ndi Jim monga wosewera ndiponso mphunzitsi, Canton inatengedwa katswiri mu 1916, 1917 ndi 1919.

Chisokonezo cha malipiro ndi kulandana osewera chinawatopetsa eni matimu. Pa 17 September 1920 anasonkhana ku Canton m'nyumba yogulitsiramo magalimoto ya Ralph Hay, ndipo pochepa mipando ena anakhala pa masitepe a magalimoto. Pamenepo anapanga bungwe la American Professional Football Association, nasankha Jim Thorpe kukhala pulezidenti wake woyamba. Kunena zoona sanamsankhe chifukwa cha luso la m'ofesi. Anafuna dzina lake kuti anthu alikhulupirire bungwelo. Patapita chaka anaika Joe Carr m'malo mwake, ndipo mu 1922 dzina linasintha kukhala National Football League, kapena NFL. Katswiri wa chaka choyambacho, Akron Pros, sanapezeke pa bwalo koma pa msonkhano wa eni matimu mu April 1921.

Zaka za 1922 ndi 1923 Jim anatsogolera timu yodabwitsa, Oorang Indians, ya eni dziko okhaokha, ya m'kamudzi ka LaRue. Mwini wake, Walter Lingo, anali woweta agalu, ndipo anaifuna timuyo kuti ilengeze malonda a agalu ake. Pa nthawi yopumula osewera anaonetsa agaluwo ndi magule a kwao. Inapambana kanai kokha m'zaka ziwiri. Jim anali atayamba kukalamba, ndipo anasewera komaliza mu 1928 ndi Chicago Cardinals, ali ndi zaka 41.

Masewera a ndime yotsiriza anadza iye atachoka. Mu 1932 Chicago Bears inapambana 6, kugonja kamodzi, kufanana mphamvu 6. Portsmouth Spartans inapambana 6, kugonja kamodzi, kufanana 4. Popeza masewera ofanana mphamvu sanawerengedwe, awiriwa analingana, ndipo Green Bay Packers, imene inapambana 10 nigonja katatu, inatsala m'mbuyo. Aphunzitsi athu a masamu angatipatse funso limeneli pa mayeso. Anakonza masewera ena amodzi, ndipo chifukwa cha chipale chofewa anachitira m'nyumba, pa bwalo lalifupi la mayadi 80. Bears inapambana 9 kwa 0. Anthu anakondwera nazo kotero kuti kuyambira 1933 matimu anagawidwa magulu awiri, opambana ake nakomana kumapeto. Lero NFL ili ndi matimu 32, iliyonse isewera 17, ndipo 14 alowa ndime ya wogonja atuluke, kufikira atsala awiri pa Super Bowl, imene inayamba mu January 1967.

Chuma chonse cha mpirawu Jim sanachilawe. M'zaka za umphawi waukulu wa ku America, kuyambira 1929, anakumba maenje, analonda pa zipata, naonekera m'mafilimu monga mfumu ya eni dziko yopanda mau ambiri. Mowa unamgwira, ndipo maukwati ake awiri anatha. Mu 1950 olemba nkhani za masewera anamsankha kukhala woposa amuna onse a masewera a ku America m'zaka 50 zoyamba za zana limenelo, koma posakhalitsa, atadwala khansa ya pa mlomo, anamgoneka m'chipatala monga wosauka wosatha kulipira. Anamwalira ndi nthenda ya mtima pa 28 March 1953 ku Lomita, California.

Mlandu wa mamendulo unakonzedwa mochedwa. Mu 1982 akuluakulu a Olimpiki anabvomera kumbwezera ulemu, ndipo mu January 1983 ana ake analandira mamendulo atsopano, komabe mabuku ananena kuti iye anapambana pamodzi ndi achiwiri aja. Mu July 2022, patapita zaka 110, ndipo analemba kuti anapambana yekha.

Mlandu wa maliro ake ndiwo sunathe bwino. Abale analikuchita mwambo wa kwao ku Oklahoma pamene mkazi wake wachitatu, Patricia, anadza nachotsa mtembo, atakwiya kuti boma la chigawocho lakana ndalama zomangira chipilala. Anapangana ndi timizinda tiwiri ta ku Pennsylvania, Mauch Chunk ndi East Mauch Chunk, timene tinafuna alendo obweretsa ndalama. Tinaphatikana mu 1954, titenga dzina lakuti Jim Thorpe, ndipo mtembo unaikidwa komweko, kumene mwini wake sanapondeko ali moyo. Kwathu kuno, kumene munthu akafera ku Joni abale asonkha ndalama kuti mtembo ubwere kumudzi, nkhani yotere imveka yoopsa. Mmodzi wa ana ake aamuna anakasuma mu 2010 kuti atate wao abwerere kwao, ndipo pambuyo pake abale ake pamodzi ndi mtundu wa Sac and Fox analowa nao mlanduwo. Bwalo loyamba linawabvomereza, la apilo linakana mu 2014, ndipo mu 2015 bwalo lalikulu la dzikolo linakana kuumva mlanduwo. Manda ake ali ku Pennsylvania kufikira lero.